Chimanga ndi cha mabungwe, nthungululu zikupita kwa aphungu. Ndi mmene ziyenera kukhalira?

Nangozo wa ku Ntcheu

Abale anga a pagulu pano, ndili ndi funso, ndipo ndikupempha kuti ondiyankha akhale odziwa, osati ongoteteza chipani. Chithandizo chikachokera kunja, kaya ndi chimanga cha njala, kaya ndalama za Mtukula Pakhomo, kaya mjigo, woyenera kuima kutsogolo n'kunena kuti "ndakubweretserani" ndi ndani? Nanga lamulo likuti chiyani wandale akamaopseza anthu kuti akapanda kumuvotera chithandizocho chisiya?

Ine ndili mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndi ntchito yongodzipereka, palibe malipiro. Mukukumbuka chaka cha 2024 mvula itadula pakati, chimanga chinapserera chisanamasule, mpaka pa 23 March 2024 a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Nkhani ya chimanga chaulere itafika kwathu, amene tinayenda khomo ndi khomo ndife. Kuona nkhokwe, kuona agogo amene akulera zidzukulu zamasiye, kuona amene agonera mango owiritsa. Nambala imene tinapatsidwa inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ovutika, ndiye mayina ena tinachita kufufuta pamsonkhano anthu akuona, eni ake ali pomwepo. Amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa mmene mtima umawawira.

Tsiku lolandira anatiuza kuti tifike m'mamawa pabwalo la sukulu. Lole inafika nthawi yabwino, matumba a makilogalamu 50 anatsitsidwa, kalaliki wa bungwe anayala mapepala ake patebulo. Kenako uthenga: musayambe, aphungu akubwera. Tinakhala padzuwa mpaka kupitirira nkhomaliro, agogo ena atafooka n'kugona m'khonde la kalasi. Patsogolo panabwera galimoto ya chinkuzamawu ndi nsalu za chipani, amayi ena n'kupatsidwa kuti avale akhale mzere woyamba. Olemekezekawo atafika analankhula nthawi yaitali, akuti anapita okha ku Lilongwe kukagogoda, akuti anthu awo sangafe ndi njala iwo ali moyo. Anasenzetsa agogo angapo matumba, kujambulitsa, n'kukwera galimoto. Matumba amene anajambulitsa nawowo anali ndi chizindikiro cha bungwe loona za chakudya la WFP ndi mbendera za mayiko ena, koma palibe anatchula zimenezo.

Chimene chikundipweteka si nthungululu ayi, aziwombereni. Koma amene sanalandire sanapite kwa aphungu. Anabwera pakhomo panga. Ena akuti ndinadya ndalama, ena akuti ndinalemba abale anga, pamjigo amayi amasiya kucheza ndikafika. Kuthokoza kukukwera kumtunda, matemberero akutsikira kwa ife a komiti. Ndiye dzana agogo ena amene ndinawalemba ndekha anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona kuti, "Nangozo, paja akuti pa chisankho tikavota molakwika dzina lichoka m'buku?" Ndinawayankha kuti ndi bodza, koma ndikufuna ndikawayankhe ndi mfundo zomveka. Ndithandizeni.

Mphunzitsi wopuma, Lobi

Mayi Nangozo, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ine ndakalamba ndipo ndaona maboma onse, ndiye ndikuuzeni kuti zimenezi sizinayambe ndi phungu wanuyo.

Nkhondo ya ku Mozambique itakula cha m'ma 1986, anthu othawa anadzaza Dedza ndi Ntcheu. Inu mukudziwa kuti pa Lizulu ndi pa Biriwiri msewu wa M1 ndiwo malire, munthu amangodumpha tala basi walowa m'Malawi. Dziko lonse linasunga othawa oposa 1 miliyoni. Ufa, nandolo ndi mafuta zinkachokera ku WFP ndi UNHCR, a Red Cross ndiwo ankagawa, ndipo ife a m'midzi tinkagula kapena kusinthanitsa ndi nkhuni. Koma pawailesi ya MBC, imene inali yokhayo, tinkangomva kuti Ngwazi ikudyetsa alendo. Chilala cha 1992 chinabweretsa chimanga chachikasu cha kunja, nsima yake ana ankaikana, ndipo mbumba inavinira Ngwazi kuti yatipulumutsa. Chaka chomwecho, mabishopu atatulutsa kalata yawo mu March, mayiko otithandiza anakumana ku Paris mu May n'kuimitsa chithandizo chonse kupatula cha njala ndi cha othawa nkhondo. Pa 14 June 1993 tinali pamzere wa riferendamu. Pamenepo ndi pamene ambiri tinazindikira kumene ndalama zinkachokera.

Itabwera demokalase sizinasinthe. MASAF inayamba mu 1995, inamanga midadada ya sukulu yambiri, ina ndinaphunzitsamo ine, ndipo anthu ankati ndi ya a Muluzi. Inali ngongole ya ku World Bank, yobweza ndi misonkho yathu. Sitata paki ya 1998, kafeteleza ndi kambewu kaja, dziko la Britain linaikapo ndalama zambiri, koma pa kampeni ya 1999 inali mphatso ya boma. Ndiye taonani njala ya 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, anthu akudya zikhawo za nthochi ndi madeya, ndipo mwadzidzidzi azungu aja amene sankatchulidwa pogawa anayamba kutchulidwa tsiku lililonse. Boma linkati IMF ndiyo inatiuza kuti tigulitse, IMF nayo inkati tinati muchepetse osati mumalize. Zikayenda ndi zanga, zikavuta ndi za alendo.

Koma agogo anuwo kawauzeni ichi. Mayi Joyce Banda anayenda dziko lonse kugawa chimanga ndi ng'ombe, pa TV tsiku ndi tsiku. Pa chisankho cha 2014 anakhala nambala 3. Atachoka, chimanga cha njala sichinasiye kubwera. Ndiye anthu a m'midzi si opusa monga andale amaganizira, amavala nsalu, amalandira thumba, voti n'kukaponya kumene mtima wawo uli.

Maseko wa pa Kampepuza

Chemwali, zokusungani padzuwa zija ndi zolakwika, sinditsutsa. Koma pagulu pano tazolowera kunyoza andale ngati sachita kalikonse, ndiye ndiloleni ndiime mbali inayo.

Mukuganiza kuti sitima ya chimanga imangonyamuka yokha ku America kubwera ku Beira chifukwa azungu alota kuti ku Ntcheu kuli njala? Mtsogoleri wa dziko amayenera kulengeza kaye kuti kuli ngozi ndi kupempha. A Chakwera anatchula poyera kuti pakufunika matani pafupifupi 600,000 a chimanga. Kuima pamaso pa dziko lapansi n'kuvomera kuti anthu anga alibe chakudya si chinthu chapafupi, atsogoleri ena amabisa mpaka anthu atayamba kufa.

Ndipo aphunzitsi mwalumpha chaka cha 2011. Bingu atathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, mu April, ndalama zothandizira bajeti zinaima. Mafuta anasowa, ine ndinali kondakitala wa minibasi nthawi imeneyo, tinkagona pa filing'i siteshoni ndi zigubu. Pa 20 July anthu anafa pa zionetsero. Tonse tinati Bingu wathawitsa otithandiza. Cashgate itaphulika mu 2013 anaimitsanso, pamene ndalama zawo zinali pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, ndipo tonse tinati boma la amayi latayitsa chikhulupiriro. Tsono ngati mtsogoleri timamunyoza chithandizo chikathawa, bwanji tisamuyamike chikabwera? Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti kuti pulogalamu ya IMF itheke. Amene anatukwanidwa m'misika shuga atakwera ndi pulezidenti, osati kazembe aliyense.

Chinanso, si chimanga chonse cha njala chimene ndi cha kunja. China chimatuluka m'nkhokwe za NFRA, chogulidwa ndi ndalama za boma. Ndipo aphungu ena amavutikiradi anthu. Maliro akachitika bokosi amagula ndi iwo, wodwala akafuna galimoto usiku foni imalira ndi yawo. Munthu ameneyo lole ikabwera m'dera lake mukufuna akabisale kunyumba?

Phiri wa ku Golomoti

Mayi Nangozo, ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina logawa chakudya, ndiye ndikuuzani njira imene thumba limadutsa, inu muone nokha pamene phungu akulowa.

Zokolola zikatha, komiti ya MVAC, momwe muli boma ndi mabungwe, imayenda m'maboma kuwerengera anthu amene chakudya chidzawathere asanakolorenso. Mu 2024 anapeza anthu 5.7 miliyoni. Nambala imeneyo ndi imene nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imapangira dongosolo ndi kupemphera ndalama. Boma lililonse limalandira nambala yake, khonsolo imaigawa kwa mafumu aakulu, kwa magulupu, mpaka kufika pa kanambala kochepa kamene kanakulizani inu kaja. Mayina amachokera m'kaundula wa boma wa mabanja wotchedwa UBR kapena kwa makomiti ngati yanuyo, kenako amatsimikizidwa pamsonkhano. Phungu amakhala nawo pa zokambirana za khonsolo, akhoza kudandaula kuti dera lake lalandira zochepa, koma alibe cholembera chimene angawonjezere nacho kapena kufufuta dzina la agogo anu. Akachita zimenezo ndiye kuti wadutsa pawindo, ndipo ndi mlandu woti mukanene. Voti ndi yachinsinsi, buku la chimanga silikumana ndi bokosi la mavoti paliponse.

A Maseko akunena zoona pa za pulezidenti, kulengeza ndi kupempha ndi udindo wake ndipo akachedwa anthu amafa. Koma paja amati wapakaliyala sayimba belu. Phungu amene wapeza lole itatsitsa kale katundu ali pakaliyala.

Mtukula Pakhomo mwaitchula ija ndiye nkhani yake ndi yoseketsa. Inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006. Kwa zaka zambiri ndalama zimene agogo a ku Ntcheu ndi Balaka akhala akulandira ndi za dziko la Ireland, kuno ku Dedza ndi za World Bank, maboma ena ndi za Germany ndi European Union. Boma la Malawi lakhala likulipira lokha boma limodzi, Thyolo. Pulogalamuyi yadutsa m'manja mwa Bingu, amayi, a Peter Mutharika ndi a Chakwera, ndipo aliyense pa kampeni amaitchula ngati mwana wake. Agogo amene ankalandira nthawi ya DPP sanasiye kulandira chifukwa Tonse yalowa. Mfundo imeneyi ndi imene mungawauze, chifukwa aiona ndi maso awo. Chimodzimodzi nsanja zikuluzikulu za magetsi zija zikudutsa m'minda yathu kuchokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, ndalama zake zinali za America kudzera ku bungwe lawo la MCC, pafupifupi madola 350 miliyoni pa ntchito yonse ya magetsi, imene inatha mu 2018.

Komabe musaganize kuti otithandizawo ndi angelo osafuna kutchuka. Ifeyo kuntchito tinkadzudzulidwa koopsa chikwangwani cha wopereka ndalama chikapanda kuoneka pachithunzi. Panali lamulo la kukula kwa chizindikiro, malo ake pathumba, ngakhale mawu oti anenedwe. Nawonso ali ndi aphungu kwawo ofuna kuonetsa ovota awo kumene msonkho wapita. Feteleza wa matani 20,000 amene kampani ya Uralchem ya ku Russia inapereka mu March 2023, wobwera mothandizidwa ndi WFP, anafika nkhondo ya ku Ukraine ili mkati, ndipo mwambo wake unali ndi mbendera ndi zolankhula ngati msonkhano uliwonse wa ndale. Ndiye pathumba limodzi pamakhala anthu ambiri olimbirana kujambulidwa: kazembe, nduna, phungu, mkulu wa bungwe. Amene saoneka ndi dalaivala amene wagona pa Mwanza podikira mapepala, ndi inu a komiti.

Za lamulo: lamulo la zipani la 2018 limaletsa chipani kapena wopikisana kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo madandaulo amapita ku ofesi ya mlembi wa zipani. Vuto ndi loti mmene ndikulionera ine, lamuloli likuganiza za munthu wogawa za m'thumba mwake. Wogawa za eni ake n'kudzitcha mwini, kapena wochedwetsa anthu kuti alankhule, amazemba mosavuta. Chida chimene chimagwira msanga ndi cha bungwe lomwelo. Pamalo ogawira pamayenera kukhala tebulo la madandaulo, bokosi loponyamo makalata, ndipo nthawi zambiri pamakhala nambala ya foni yaulere yolembedwa pachikwangwani. Mabungwe amaopa kwambiri lipoti lonena kuti chakudya chawo chagawidwa pansi pa nsalu za chipani, chifukwa likafika kwa opereka ndalama mgwirizano wawo umagwedezeka. Lembani tsiku, malo, ndi nthawi imene lole inafika komanso imene anthu anayamba kulandira.

Nachisale, wa zaumoyo

Ndingowonjezerapo za kuchipatala. A Trump atasaina pa 20 January 2025 kuti chithandizo cha America chiime kwa masiku 90, anzathu olembedwa ndi mabungwe, oyeza magazi ndi olondola odwala amene asiya mankhwala, anauzidwa kuti akhale kunyumba. Ma ARV ambiri m'dziko muno amagulidwa ndi Global Fund, ndiye mankhwala alipo, koma anthu anadzaza ndi mantha kufuna kutengeratu a miyezi yambiri. Amene ankadula maliboni pa nyumba zomangidwa ndi ndalama zomwezo sindinawaone akubwera kudzafotokozera odwala pamzere. Tinafotokoza ndife.

Maseko wa pa Kampepuza

Mayi Nachisale, nanga phungu wa ku Ntcheu akanamuletsa bwanji Trump? Apa ndiye mukuwasenzetsa katundu wosakhala wawo.

Nangozo wa ku Ntcheu

Achimwene a Maseko, mwayankha funso langa nokha. Ngati phungu alibe mphamvu yoletsa chithandizo kuchoka, analibenso mphamvu yochibweretsa. Sangakhale mwini chimanga masana chikamagawidwa, n'kukhala mlendo madzulo anthu akamafunsa chifukwa chake matumba anachepa. Za pulezidenti ndavomera, kupempha ndi ntchito ndipo wopempha bwino ayamikidwe. Za bokosi la maliro ndavomeranso, limenelo ndi la m'thumba mwake, akaligula tidzamuthokoza pamanda pomwepo ndipo timathokozadi. Abwere ndithu pogawa, ndi dera lake. Koma afike nthawi imene agogo afika, nsalu asiye kunyumba, ndipo akamalankhula anene kuti mabanja ovutika m'mudzi muno ndi ochuluka chonchi, matumba abwera ochepa chonchi, otsalawo ndikukawamenyera nkhondo ku khonsolo. Akatero anthu osalandira adziwa khomo loyenera kugogoda, ine ndigona tulo.

Pali chinthu china chimene sindinanene poyamba. Chifukwa anthu amakhulupirira kuti chimanga ndi mphatso ya munthu wamkulu, saona kuti ali ndi ufulu wofunsa. Thumba la makilogalamu 50 limayenera kukhala la banja limodzi pamwezi, koma m'midzi yambiri likangochoka pabwalo limakatsanulidwa n'kugawidwa ndi ndowa kuti aliyense alaweko, ena amene amalandira ndi oti ali ndi njinga yamoto. Agogo amabwerera ndi theka kapena kuchepera apo ndipo amangoti zikomo, poti chopatsidwa sadandaula nacho. Akanadziwa kuti dzina lawo linalembedwa chifukwa cha umphawi wawo, ndi ndalama zimene mlimi wa ku Ireland kapena wa ku Japan anakhoma msonkho kuti zifike kwa iwowo, mwina akanakana kumasula thumba.

Aphunzitsi, nkhani ya 2014 ndikawauza agogo aja mawa, ndikudziwa aseka chifukwa nsalu ya lalanje anavala nawo. A Phiri, zikomo kwambiri. Ndalankhula ndi anzanga awiri a mu komiti ndipo tagwirizana kuti ulendo wotsatira tikapemphe a gulupu kuti asanalankhule wina aliyense, kalaliki wa bungwe aimirire anene kumene chimangacho chachokera, matumba angati abwera, ndi mabanja angati amene analembedwa. Tikufunanso kumata mndandanda wa mayina pakhoma la sukulu kusanafike tsiku lolandira. Kodi zimenezi ndi zololedwa, kapena tikhala taulula zinsinsi za anthu?

Phiri wa ku Golomoti

Kuwerenga mayina pamsonkhano wotsimikizira ndi mbali ya dongosolo kale, ndiye pamenepo palibe vuto. Zomata pakhoma funsani kaye bungwe limene likugawa kwanuko, chifukwa mapepala ena amakhala ndi nambala za ziphaso za unzika komanso zifukwa zimene munthu analembedwera, monga matenda, ndipo zimenezo siziyenera kuonedwa ndi aliyense. Pemphani pepala la mayina okha ndi mudzi. Zoti kalaliki ayambe kulankhula, uzani ofisala wa za ngozi ku khonsolo pasadakhale kuti alembe pa pulogalamu ya tsikulo. Kalaliki payekha sangalande chinkuzamawu kwa olemekezeka, ine ndinali kalaliki ndipo ndikudziwa.